Mwana Akagwira Kamera, Akulu Bisalani

Kale kuno ku Kabwazi kujambulitsa sinali nkhani yamasewera. Wojambula ankabwera panjinga mwa apo ndi apo, kamera ili pakhosi, filimu yake ya zithunzi 36 zokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti akaphethira ndalama yapita. Bambo ankabwereka jekete kwa mlamu wake, wotchi yakufa kwa mnansi, n'kuimirira atanyamula wailesi yopanda mabatire. Wojambula uja ankatenga filimu kukatsukitsa ku Lilongwe, eni zithunzi n'kudikira mwezi wathunthu. Chithunzi chikabwera mutu utaduka, iye sankachita manyazi: "Ndinu nomwe bambo, taonani nsapatozo."

Lero kamera ili m'thumba la wogulitsa kachewere, la wakabaza ndi la mayi wa banki m'khonde, mu Itel ndi Tecno zotchajidwa pa sola. Ndipo amene amaidziwa bwino kamerayo si mwini foni ayi, ndi mwana wake wa Sitandade 3. Boma nalo kuyambira 2023 likupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale pa ndondomeko ya BEFIT kuti ana aziphunzirira kuwerenga ndi masamu, choncho zala za ana a masiku ano sizichita mantha ndi galasi. Aphunzitsi ena ochenjera aona kuti m'malo molimbana nawo, kuli bwino kuwabwereka foni n'kuwatuma akajambule zomwe akuphunzira. Maphunziro akuyendadi. Koma akuluakulu m'midzi tulo tawathawa. Maina ndabisa onse, chifukwa pamsika pa Kabwazi ndimapitabe.

Chala ndi phiri

Tsiku loyamba madamu a Sitandade 4 anatulutsa ana panja nawauza kuti aliyense ajambule phiri lomwe limaoneka kuseri kwa sukulu. Foni inayenda m'manja mosinthana. Atabwerera m'kalasi, zithunzi za kamnyamata kena zinali ndi chinthu chachikulu chofiirira chodzaza theka la galasi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi phiri, madamu."

"Phiri lili ndi chikhadabo?"

Ana onse anafa nalo phwete. Madamu anapezerapo mwayi wofotokoza kuti kamera siidziwa kukula kwa chinthu, imangodziwa kuyandikira kwake: chapafupi chimaoneka chachikulu, chakutali chaching'ono, moti ngakhale Phiri la Dedza, lomwe limapitirira mamita 2,000, chala chimodzi chikhoza kuliphimba lonse.

Phunzirolo linalowa mopitirira muyeso. Pofika Lachisanu, mufoni ya madamu munali mwana atanyamula phiri pachikhatho, wina akukankha tchalitchi ndi phazi, ndiponso wina atatsina ahedi pakati pa zala ziwiri, iwo ali chiimire poteropo akuyang'anira olima m'munda wa sukulu. Ahedi atachiona anangopempha chinthu chimodzi: "Chimenechi chisafike kwa a PEA, angaganize kuti ndachepa."

Munthu akugwira ntchito

Homuweki inali yosavuta: aliyense ajambule munthu akugwira ntchito pakhomo pawo. Kamtsikana kena kanabweretsa zithunzi zisanu. Zinayi zinali mbuu, mukungooneka chitenje chikuuluka, pena munsi, pena ndowa. Chachisanu chinali chowala bwino, chooneka mpaka ndevu imodziimodzi: bambo atakhala pansi pa mtengo wa pichesi, bawo lili patsogolo.

"Zinayizi zatani?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndi amayi. Sakhazikika. Ndikati ndiwajambule akusinja, apita kale kumjigo. Ndikawalondola kumjigo, ali kudimba."

"Nanga ichi?"

"Ndi ababa. Iwo ndiye amatuluka bwino tsiku lililonse, chifukwa sasuntha."

Aphunzitsi anafotokoza kuti kamera imatsegula diso lake kanthawi kochepa kwambiri kuti kuwala kulowe, ndipo chinthu chikasuntha m'kanthawi kameneko chimatuluka chopakika, makamaka m'mamawa kapena madzulo kuwala kuli kochepa. Mwana anamvetsa. Amayi ake atamva nkhaniyi anapempha kuti chithunzi chachisanu chija asachifufute, akufuna akachionetse kwa ankhoswe.

Nkhungu ya June

Chisanu cha Dedza mu June ndi July n'chodziwika dziko lonse, ndipo m'mawa wina nkhungu imakuta mpaka nkhokwe yako yomwe osaiona. Mwana wina atatumidwa kujambula mudzi wawo anabweretsa zithunzi zoyera zokhazokha.

"Ndi nkhungu, madamu. Apa ndi nyumba yathu, apa khola, apa agogo akuwotha moto."

Madamu anatsala pang'ono kumuyamikira, koma anaona kuti chithunzi china chajambulidwa 12 koloko masana, m'kati mwa kalasi momwemo, nachonso chili mu nkhungu. Anatembenuza foni. Pakagalasi ka kamera panali mafuta a mandasi okwanira kukazingira dzira. Atapukuta ndi nsonga ya chitenje, nkhungu yonse ya m'boma la Dedza inatha nthawi yomweyo.

Mwana anayang'ana foni, nayang'ana madamu mwaulemu watsopano. "Mawa mubwere mudzapukutenso kumudzi kwathu. Zovala sizikuuma."

Agogo ndi chitupa

Mu 2017, pomwe a NRB ankalembetsa anthu zitupa za unzika, agogo ena aakazi anajambulidwa atakhala pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo nkhope inatuluka ya munthu amene wakhaladi pamzere kuyambira mbandakucha. Chichokereni pamenepo kamera sankaifuna. Mdzukulu wawo atawajambula pakhonde, iwo anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kunena kuti, "Makwinya awa si anga. Foni yakoyo ndi yakale."

Mdzukulu sanatsutse. Anangodina pamene pamasalaza nkhope, makwinya onse balala, khungu see, maso mbee. Agogo anawomba m'manja. "Eya! Ameneyu ndiye ine. Umu ndi momwe ndinalili chaka cha ufulu, 1964, agogo ako aamuna asanandisokoneze mutu."

Nyengo ya feteleza wotsika mtengo itafika, analamula mdzukulu kuti atenge foni awaperekeze kudepoti. Kalaliki atapempha chitupa, agogo anatambasula foni. Kalaliki anayang'ana foni, nayang'ana agogo, nayang'ananso foni.

"Agogo, mdzukulu wanuyu ndi wokongoladi, koma sanafike msinkhu wolandira feteleza. Tulutsani chitupa chanu."

Agogo anatulutsa chitupa chija akung'ung'udza, koma panjira pobwerera anauza aliyense wokumana naye kuti a boma awanena kuti ndi okongola.

Tandisunthirani dzuwa

Lamulo lomwe ana amagwira msanga ndi ili: dzuwa likhale kumsana kwa wojambula, liziwala pankhope ya wojambulidwa. Likakhala kumsana kwa wojambulidwa, foni imachepetsa kuwala konse kuti isathobwe m'maso, munthu n'kutuluka bii.

Pa chinkhoswe china wojambula wolipidwa anachedwa, ntchito n'kugwera kamnyamata ka zaka 9. Kanafoletsa ankhoswe, kanakonza azakhali, kenako kanafika pampando wa amfumu, omwe anakhala dzuwa lili kumsana.

"Zikomo amfumu, tasunthirani uku pang'ono."

Nduna inadzambatuka. "Iwe mwana wa yani? Mfumu sisuntha. Anthu ndiwo amasunthira mfumu."

Kamnyamata kanagwada bwinobwino n'kuwomba m'manja. "Pepani akuluakulu. Ndiye tandisunthirani dzuwalo."

Pabwalo panangoti zii. Amfumu anayang'ana dzuwa, anayang'ana nduna yawo, kenako ananyamula okha mpando. Chithunzicho lero chili pakhoma pabalaza pawo, ndipo amauza alendo kuti malo okhalawo anasankha okha.

Mbozi yapita kwa mlangizi

Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda m'dzinja la 2016 mpaka 2017, mlimi wa chimanga sapuma. Mwana wina wa Sitandade 6 anali atangophunzira kujambula tinthu ting'onoting'ono: kuyandikiza foni, kudina pagalasi pamene ukufuna paoneke bwino, kugwira mpweya, kenako n'kujambula. Anatsegula nsonga ya chimanga m'munda wa bambo ake najambula mbozi yomwe inadzaza galasi lonse, mutu, miyendo, mpaka timaubweya.

Bambo ataiona anabwerera m'mbuyo. "Chimenechi chili m'munda mwanga? Itanani anyamata abwere ndi zibonga."

Mwana anatumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa mlangizi wa zaulimi. Yankho silinachedwe: ndi ntchemberezandonda yeniyeni, chifukwa pamutu pake pali chizindikiro cha Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala pamakona anayi. Mlangizi anawauza kuti aziyendera munda m'mamawa n'kumasuzumira munsonga mbozi zisanakule.

Bambo anamvera zonse, koma chinawakhudza n'china. "Ine kuti ndionane ndi mlangizi ndimapalasa njinga theka la tsiku. Mbozi yafikako ili chigonere m'chimanga changa, ndiponso pa mayunitsi anga."

Mbiri ya nyemba

Pa phunziro la sayansi ana anauzidwa kubzala nyemba m'chitini n'kumaijambula m'mawa uliwonse, foni ili pamalo amodzimodzi, kuti pomaliza akamayendetsa zithunzi mwachangu aone mbewu ikukula. Ndi phunziro lokoma. Mwana amaona yekha dothi likung'ambika, tsinde likutuluka litaweramitsa mutu, masamba awiri oyamba akutambasuka.

Kamnyamata kena kanaimirira kutsogolo kulongosola zake.

"Tsiku loyamba, dothi. Tsiku la 2, dothi. La 5, yatuluka. La 7, masamba awiri."

"Pitiriza."

"Tsiku la 8, nkhuku."

Pagalasi panaonekadi tambala ali pamwamba pa chitini, tsamba lili kukamwa.

"Tsiku la 9, chitini chokha. La 10, nkhuku yomweyo ili mumphika, chifukwa kunabwera amalume. La 11, amalume akutokosa m'mano."

Aphunzitsi anagwira cholembera osadziwa polemba. Kenako anakumbukira kuti mutu wotsatira ndi wa momwe zamoyo zimadyerana: chomera, chodya chomera, ndi chodya chodya chomera. Kamnyamata kanapeza mamalikisi onse, ndipo zithunzi zake ndizo anaphunzitsira sabata yotsatira. Amalume mpaka lero sakudziwa kuti ali mu silabasi.

Atcheya a njerwa

Mphunzitsi wina wokonda mbiri anauza ana kuti kamera yoyamba ya dijito yonyamula m'manja yosafuna filimu anaipanga Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America mu 1975. Inkalemera makilogalamu 3.6, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chilowe pa kaseti.

"Makilogalamu 3.6?" anatero mwana wa wogulitsa pamsika. "Ameneyo ndi kabichi wa ku Bembeke. Selefi ankajambula bwanji?"

Mphunzitsi anapitiriza kuti chithunzi cha pafoni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kamera ya Sasson inali ndi timadontho 10,000 tokha, pomwe foni ya mamegapikiselo 8 ili ndi timadontho 8 miliyoni. Kuti akhulupirire, anawauza kuti akulitse chithunzi chilichonse mpaka pamapeto.

Mwatsoka chithunzi chomwe chinali pafupi chinali cha atcheya a komiti ya sukulu. Ana anakulitsa mphumi, nakulitsanso, mpaka nkhope yonse inasanduka timabokosi tofiirira tondandana mizeremizere.

"Aphunzitsi, atcheya anawamanga ndi njerwa!"

Kumbuyo kwa kalasi kunamveka kaliwu: "Ndiye n'kumene zinapita njerwa za buloko ija."

Mphunzitsi anazimitsa foni n'kulengeza kuti nthawi ya masewera yakwana.

Chilembwe anabwerera ali wina

Pophunzitsa kajambulidwe ka nkhope, mphunzitsi anafuna chitsanzo chokhazikika bwino: mutu ndi mapewa, maso ooneka, kumbuyo kopanda zosokoneza. Anatulutsa K2,000 yake yomaliza ya mweziwo, ija ili ndi nkhope ya John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe yemwe anaukira atsamunda mu 1915.

"Bwanji sakumwetulira?" anafunsa mwana wina.

Mphunzitsi anafotokoza kuti kale kujambulitsa chinali chinthu cholemekezeka, munthu ankajambulidwa mwina kamodzi kapena kawiri pa moyo wake, ndiye ankavala nkhope yaulemu.

"Ayi aphunzitsi," kanatero kamtsikana ka kutsogolo, "akudziwa mtengo wa shuga."

Mphunzitsi analola ndalamayo iyende benchi ndi benchi kuti aliyense aone pafupi. Itabwerera kutsogolo inali K200.

"Wachita izi ndani?"

"Aphunzitsi, nayonso ili ndi nkhope yokhazikika bwino. Ndi mayi Rose Chibambo. Munati tiziona zitsanzo zosiyanasiyana."

Chilembwe anapezeka pambuyo pake atabisala m'sokosi ya mwana wina. Kuyambira tsiku limenelo mphunzitsiyo amayamba waijambula ndalama pafoni, ana n'kumaonera pagalasi, yeniyeniyo ili m'thumba lamkati.

Akafula ankatchaja kuti?

Sukulu ina inapita ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Wotsogolera alendo anafotokoza kuti zofiira anajambula Akafula, alenje omwe ankakhala kuno kalekale, ndipo zoyera anajambula makolo athu Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi nyau. Anachenjeza kuti ajambule pafoni momwe angathere, koma osakhudza mwala, osalembapo dzina.

"Akafulawo ankatchaja kuti?"

"Sankatchaja."

"Memori siinkadzadza?"

"Mwala uwu ukadzadza ankapita pamwala wina."

Ana anakhala chete kulingalira. Kenako kamtsikana kena kanakweza dzanja. "Ababa foni yawo inagwera m'chitsime, zithunzi za ukwati wa achemwali zonse zinapita. Izi zakhala pano zaka mazanamazana. Ndiye otsalira ndani, ife kapena Akafula?"

Aphunzitsi anagwiritsa ntchito funsolo pophunzitsa kuti chithunzi chofunika chizisungidwa pawiri: china pamemori khadi, china kwa m'bale pa WhatsApp, kapena chisindikizidwe papepala. Kamtsikanako kanamva mwa njira yake. Madzulo kanatenga khala n'kukopera banja lonse pakhoma lomwe amayi ake anali atangolipaka laimu. Amayi ake sanadikire a UNESCO, anabwera ndi chikolopa.

Mapepala okhaokha

Chithunzi chimodzi cha pafoni chimadya mamegabaiti awiri kapena atatu, ndipo mwana akapeza mbuzi yomvera amatha kuijambula maulendo 200 masana amodzi. Bambo wina wa okala anali ndi chizolowezi chojambula tsamba lililonse la buku la ngongole, chifukwa makoswe a m'sitolo mwake ankakonda kuwerenga. Tsiku lina foni inalemba kuti malo atha. Anaitana mwana wake, katswiri wa pakhomopo.

"Tachotsa zosafunikazo."

Patapita mphindi zochepa mwana anabweza foni akunyadira. "Ndakonza, ababa. Anthu ndi mbuzi ndawasiya onse. Ndafufuta mapepala okhaokha."

Buku lenileni makoswe anali atamaliza kale. Nkhani inamveka pamsika dzuwa lisanalowe. Sabata yonseyo mwanayo sanagule switi ndi ndalama yake. Aliyense wokumana naye ankamugulira, ena mpaka kumulosera kuti adzakhala nduna ya zachuma.

Amene anapulumutsa bamboyo ndi mlongo wake wa mwanayo, yemwe ankadziwa kuti m'mafoni ambiri zofufutidwa zimayamba zakhala m'bini masiku angapo zisanatheretu. Mapepala anabwerera onse, mayina ndi ndalama zake. Maswiti anatha tsiku lomwelo.

Mlandu wa mbuzi

Foni imasunga tsiku ndi nthawi ya chithunzi chilichonse, chinthu chomwe akulu ambiri sadziwa. Pabwalo la amfumu panali mlandu wa mbuzi yomwe inadya nyemba m'dimba la mayi wamasiye. Mwini mbuzi anakana kwamtuwagalu: tsiku limenelo mbuzi zake zonse zinali pachingwe.

Mayi uja anaitana mboni yake, mdzukulu wa zaka 10, yemwe ankajambula agulugufe kudimbako pa homuweki. Pagalasi panaoneka mbuzi yamawanga, nyemba zili kukamwa, Lachitatu, 3 koloko masana.

"Mbuzi zimafanana," anatero mwini wake.

Mwana anakulitsa. M'khosi mwa mbuzi munali kansalu kong'ambidwa ku chitenje chomwe mkazi wa bamboyo anavala pabwalo pomwepo.

Bwalo linawomba m'manja. Mwana atamva kukoma anayamba kutsetsereketsa chala kuti aonetse zina. Panatuluka gulugufe. Panatuluka chitsime. Kenako panatuluka nduna ziwiri za amfumu zitakhala kuseri kwa nyumba yotchezera kachasu, Lachitatu lomwelo, tsiku lomwe zinatsanzika kuti zikupita kumaliro ku Lobi.

Amfumu anakweza dzanja. "Basi mwanawe. Mlandu wa lero ndi wa mbuzi yokha."

Chilombo n'chilombo

Gule wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, si wongomuloza ndi foni. Ana kuno amauzidwa momveka: kudambwe ndi kumanda kamera siipita, ndipo pabwalo uyambe wapempha eni gule. Kamnyamata kena kanatsata zonsezi. Akuluakulu atakalola, kanajambula chilombo chikuvina fumbi lili koboo, chithunzi chokongola ndithu.

Vuto linadza madzulo, pokulitsa. Kanayamba ndi nthenga, kanatsikira kunsanza, kanafika kuphazi, n'kuima pa chala chachikulu.

"Amayi, chipsera ichi ndikuchidziwa. Si chija cha khasu..."

Dzanja la amayi linafika pakamwa pa mwana liwu lotsatira lisanatuluke, dzanja linalo likufufuta chithunzi, ndi m'bini momwe.

"Chilombo n'chilombo. Chimachokera kumanda, chilibe m'bale."

"Koma amayi..."

"Ukufuna tilipe nkhuku zingati?"

Zomwe mwanayo anaona ine sindinazimve, ndipo musandifunse. Nkhuku zanga n'zowerengeka.

Anavomera ndi mutu

Lamulo lopempha kaye aphunzitsi amalibwereza kawirikawiri, ndipo ali ndi chifukwa. Chithunzi chikalowa pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp sichibwereranso, ndiponso dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la za pa intaneti lomwe limalanga ozunza anzawo kudzera pamakina. Choncho osajambula mnzako akusamba kumtsinje, osajambula wodwala, osatumiza nkhope ya munthu mwini wake osadziwa.

Lamlungu lina kamtsikana kanajambula mkulu wa mpingo ali pampando wakutsogolo, maso atatseka, kukamwa kuli yasa, ulaliki uli m'kati. Amayi ake atachiona anagwira mutu.

"Unapempha?"

"Ndinapempha. Ndinanong'ona kuti, 'Agogo, ndikujambuleni?' Anavomera ndi mutu."

"Kangati?"

"Katatu. Kachitatuko mpaka magalasi anagwa."

Mkuluyo atauzidwa ananena kuti ankapemphera. Pakhomo anagamula kuti chilolezo chimagwira ntchito wopereka ali maso, ndipo chithunzi chinafufutidwa. Koma chichokereni tsikulo mkuluyo ulaliki amaumva wonse, akusuzumirasuzumira kumbali ya ana a Sande sukulu.

Kunonso zikuyenda

Bambo wina ali ku Johannesburg amatumiza zithunzi mwezi ndi mwezi: lero watsamira galimoto yofiira, mawa yoyera, dzanja lili pachitseko. Mwana wake anali ataphunzira kale kuti kamera imaonetsa zomwe wojambula wasankha, zotsalazo imasiya kunja. Anaganiza zowayankha bambo ake m'chiyankhulo chawo chomwe. Anavala yunifolomu yochapa, napita kukhola la amfumu, natsamira ng'ombe yaikulu pa zonse, dzanja lili palinunda. Pansi analemba kuti, "Ababa, kunonso zikuyenda."

Usiku foni inalira. "Amake mwana, osandiuza bwanji kuti mwagula ng'ombe? Ndiye poti zinthu zili bwino, mwezi uno sinditumiza."

Panafunika zithunzi zinayi kuti nkhani ikonzeke: cha nkhokwe yopanda kanthu, cha denga lodontha, cha nsapato yoboola, ndi cha amfumu ataimirira pambali pa ng'ombe yawo nkhope ili gwaa. Ndalama inabwera, pamodzi ndi chithunzi chatsopano: bambo ali pafupi ndi galimoto yofiira yomwe ija, koma ulendo uno atanyamula ndowa ndi chinkhupule chotsukira. Mwana anati pa zithunzi zonse za ababa, chimenechi ndiye chabwino.

Kwa makolo ndi aphunzitsi

Kupatsa ana kamera si nzeru yachilendo. Wendy Ewald anachita zimenezi ndi ana a m'mapiri a Kentucky ku America m'zaka za m'ma 1970, zithunzi zawo mpaka zinatuluka m'buku. Ife sitikusowa kamera yodula. Foni ya pakhomo ndi yokwanira, bola muzimitse intaneti, chifukwa kujambula sikudya mayunitsi. Mpatseni mwana theka la ola ndi ntchito yomveka: akajambule zinthu zisanu zozungulira, masamba atatu osiyana, kapena mthunzi wa mtengo umodzi m'mawa, masana ndi madzulo. Akabwera khalani naye pansi, asankhe chimodzi chabwino koposa n'kufotokoza chifukwa chake. Pamenepo waphunzira masamu, sayansi ndi kuyankhula pagulu, iye akuganiza kuti akusewera. Mumukumbutse zinayi zokha: pukuta galasi, dzuwa kumsana, pempha kaye, ndipo usatumize kwa wina aliyense akulu asanaone.

Tsono inu abambo a pabawo, nduna za maliro a ku Lobi ndi akulu a mpingo opemphera ndi mkonono, musamulande mwana foni. Iye akungojambula zomwe zilipo. Mukafuna kutuluka bwino, sinthani zomwe mukuchita.